Ndinabisa Tcheni cha Njinga ya Amuna Anga

Aphungu,

Mundikhululukire ngati zilembo zapotoka, sukulu ndinalekeza Sitandade 3. Kalata iyi ndapatsira mayi wina amene akupita kuchigayo ku Sinda kuti akandiponyere, chifukwa amene amanyamula makalata a mudzi uno ndi amuna anga, ndipo ndi iwo amene ndawalakwira. Patha masabata asanu ndi limodzi ndili ndi chinthu pamtima, ndipo palibe amene ndamuuza.

Amuna anga ndi a Anthony, kwawo ndi ku Vubwi. Anabwera kudzakhala kwathu pachikamwini mu 1958, ndipo tili ndi ana asanu, onse ali pamabanja awo. Anagwira ntchito ya umesenjala pa boma ku Katete zaka makumi awiri, ntchito yonseyo ya panjinga, mvula kaya dzuwa.

Mu 1982 dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera. Poyamba tinkaseka. Iwo ankati, "Dzanjali layamba kuimba ng'oma lokha, kwangotsala ovina." Kenako unalowa mwendo. Adokotala kuchipatala ku Katete anatiuza kuti ndi matenda a mu ubongo, si ufiti, sapatsirana, koma sachizika ndipo amakula pang'onopang'ono. Dzina lake ndi lachingerezi, sinditha kulilemba. Anawapatsa mapilisi, ntchito inatha, tinabwerera kumudzi kwathu kuno.

Chimene chimandimvetsa chisoni kwambiri ndi mapazi. Akamayenda, akafika pakhomo amangoima ngati mbalame yatera pa ulimbo. Thupi likufuna kupita, mapazi akana. Masiku ena kuchoka pakhonde kukafika kuchimbudzi, ine ndimatsuka mbale zonse iwo ali panjira. Njinga yawo yakale inawagwetsa kawiri, ponyamuka ndi poima, ndiye ndinaipachika kudenga. Anakhala chaka chathunthu pampando.

Tsiku lina tikuchokera kotenga mapilisi tinadutsa pamsika wa Katete, pamene mnzawo wakale, a Waziri, Msilamu wokonza njinga, amagwirira ntchito pansi pa mtengo. Atawaona akukoka mapazi anafuula kuti, "Amesenjala, mwayamba liti kuyenda wapansi ngati mbuzi?" Amuna anga anati, "Kuyambira pamene njinga inayamba kunditaya ngati bulu." A Waziri anasiya kuseka. Anawakweza panjinga ya munthu wina, ine ndagwira kutsogolo, a Waziri atatukula tayala lakumbuyo, nati, "Tapalasani tione." Aphungu, miyendo imene imakana kudutsa pakhomo inazungulira bwinobwino ngati ya mnyamata. A Waziri anati, "Miyendo iyi ilibe mlandu. Mlandu uli poima ndi ponyamuka. Bweretsani njinga ziwiri, zakufa zomwe."

Tinapereka yawo ija ndi ya malemu achimwene anga. Patapita miyezi itatu a Waziri anali atapanga njinga ya matayala atatu, limodzi kutsogolo, awiri kumbuyo, pakati pake bokosi la matabwa. Chishalo anachotsa, naikapo mpando wotsamira wokutidwa ndi chikopa cha mbuzi. Mabuleki onse awiri anawasamutsira kudzanja lamanzere limene silinjenjemera kwambiri, ndipo pa mapedulo anamangapo malamba a mphira kuti mapazi asamaterereke. Amuna anga atazungulira msika wonse osagwa, a Waziri anakweza manja kuthokoza Mulungu m'mapemphero akwawo, ine m'akwathu, misozi ili mbwembwembwe.

Kuchokera pamenepo anakhalanso munthu. Makalata a midzi yathu ino amafikira m'bokosi la sukulu ku positi ofesi ya Sinda, ndipo kale ankagonera kumeneko mpaka mphunzitsi atapeza mpata. Amuna anga anapita okha kwa aphunzitsi aakulu kukapempha kiyi. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ankadzuka, kumeta ndevu ndi dzanja lonjenjemeralo osalola kuti ndiwathandize, kuvala chipewa chawo cha ntchito, ulendo. Mamailosi asanu ndi limodzi kupita, enanso kubwera. Pobwera ankaima mudzi ndi mudzi, kugawa makalata a ana amene ali ku migodi ndi ku Lusaka, ndi kuwerengera amene sadziwa kuwerenga. Mawu awo anachepa ndi matendawa, ndiye anthu amakhala chete ngati m'tchalitchi kuti amve. Palibe amene amawalipira. Anthu anawapatsa dzina loti a Positi. Amayi a m'midzimo amawaseka kuti, "A Positi, lero mwanditengerako mwamuna?" Iwo amayankha kuti, "Wanu anakana kulowa mu envulopu, mimba yakula." Masiku amene apalasa ankadya bwino, ndipo mapazi sankakakamira kwambiri. Zinayenda chonchi zaka zitatu.

Koma ine ndine wamantha chibadwire. Akanyamuka, mtima wanga umanyamuka nawo. Ndimaganiza za malole a pamsewu waukulu, za agalu, za dzuwa, za tayala kuphulika pakati pa tchire. Ndikamva ana akuthamanga ndimati akubwera ndi uthenga woipa.

Mwezi wa Malichi chaka chino uthengawo unabweradi. Kunagwa mvula yambiri, ndipo pakhwawa limene lili pakati pa ife ndi sukulu njira inakumbika mbali imodzi. Tayala limodzi lakumbuyo linalowa m'ngalande, njinga inapendekeka nkuwagwera. Malamba aja anagwira mapazi, sanathe kudzuka. Anagona m'matope mpaka inafika ngolo ya anthu ochokera kudimba. Anang'ambika pachipumi, kuchipatala anawasoka, ndipo nthiti zinawawa mwezi wonse. Atafika nawo pakhomo, magazi ali kumaso, mawu awo oyamba anali akuti, "Makalata sananyowe, ndinawakulunga m'pepala la pulasitiki."

Mukudziwa mwambo wathu. Mkamwini akavulala kapena akadwala kwambiri, uthenga uyenera kupita kwawo, ukabisa ndi mlandu. Ndinatumiza. Anabwera alamu anga a Filomena, mlongo wawo wamkulu, amene anawalera mayi awo atamwalira. Si munthu woipa, anabwera ndi nkhuku ndi mtedza. Koma ataona chilonda ndi njinga ija, anandiitanira kuseri nati, "Alamu, ife tinakupatsani munthu kuti mumusunge. Alongo anga akadzafera pamsewu ngati galu, mudzatiuza chiyani pamanda? Ndibweranso tikamaliza kukolola. Ndikadzamva kuti akukwerabe chinthu ichi, kapena ndikadzapeza kuti afooka, ndikuwatenga akadwalire kwawo." Amuna anga anamva ali pakhonde, nati, "Alongo, ndagwa kamodzi pa zaka zitatu. Inu pa zaka zitatu simunapunthwepo?" A Filomena anati, "Inu khalani chete, ndinakuberekani kumsana mukutuluka mamina."

Chilonda chitapola anawongola okha tayala lija, sipoko imodziimodzi, sabata yathunthu. Kenako anayambanso maulendo. Ine mawu a alamu anali kulira m'makutu. Tsiku lina Lachiwiri mudzi wonse uli kumaliro kutsidya, iwo atagona masana atamwa mapilisi, ndinapita pamene amaimika njinga. Ndinamasula kachitsulo kolumikizira monga ndinkawaonera akamathira mafuta, ndinachotsa tcheni, kuchikulunga m'sanza, kuchisomeka m'denga la nkhokwe. Njingayo ndinaifunditsanso chiguduli chake monga mwa masiku onse.

M'mawa mwake anameta, anavala chipewa, anavundukula chiguduli. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana. Kenako anati, "Amayi a Getrude, tcheni chapita." Ine ndinati, "Akuba a masiku ano alibe chisoni!" Sanakalipe. Anangoti, "Mwina amene watengayo ali ndi vuto loposa langa." Anatumiza mawu kwa a Waziri, koma anayankha kuti matcheni kulibe m'masitolo a Katete ngakhale ku Chipata, tidikire wina wopita ku Malawi.

Aphungu, ndimati ndikuwapulumutsa. Lero akudzuka pampando pokhapokha nditawakoka. Miyendo yauma, msana wapindika kuposa kale, chakudya akungolawa, ndipo mawu ndikuchita kuwerama kuti ndimve. Komabe m'mawa uliwonse amadzikoka mpaka panjinga paja, kupopa matayala, kupukuta fumbi, ndi kufunditsanso. Dzulo kunabwera gogo wina wa mudzi wapafupi kudzafunsa ngati mwana wake wa ku Kitwe walemba. Amuna anga anamupepesa ngati olakwa ndi iwo. Ndinathawira kudimba kukalira.

Chimanga chauma, anthu ayamba kukolola, ndipo alamu afika kumapeto kwa Juni. Ndikabweza tcheni, adzamva kuti akukwera, awatenga. Ndikapanda kubweza, adzawapeza atafooka, awatenganso. Kwawo ku Vubwi nyumba ili m'phiri, njira ndi miyala yokhayokha, njingayi singayendeko. Ine sindingawatsatire, ndili ndi mayi anga okalamba osaona amene ndikuwasamala pano. Takhala limodzi zaka makumi awiri mphambu zisanu ndi zinayi.

Ndaganiza zokataya tchenicho panjira ya kuchitsime kuti wina atole abweretse, nkhani ithere pomwepo. Kodi ndichite zimenezo? Nanga akadzagwanso nkufa, si ine ndawapha? Ndikaulula, adzandiona bwanji munthu amene sanandinamizepo? Ndithandizeni, mutu wanga waima.

E. M.,
Sinda.


Mayi E. M.,

Zilembo zanu n'zomveka bwino, ndipo munthu amene mwandifotokozerayo ndamuona ngati ali pamaso panga. Anthu ngati a Anthony ndi osowa. Matenda anawalanda ntchito, dzanja ndi mapazi, iwo nkupita kukapempha kiyi wa bokosi la makalata. A Waziri nawonso mukawapatsire moni wanga, mnzako weniweni ndi wotero.

Tsopano ndikuuzeni mosabisa. Munalakwa. Mantha anu ndi a chikondi, ndipo alamu anu anakusenzetsani katundu wolemera, koma njinga ija ndiyo miyendo ya amuna anu, ndipo mwaiona nokha ntchito ya mpando pa masabata asanu ndi limodzi okha. Zimene mwalongosola zikufanana ndi matenda amene madokotala amawatcha Parkinson. Ine si dokotala, koma aliyense amene anasamalapo wodwala wotere adzakuuzani kuti thupi lake likangokhala limauma msanga.

Za kutaya tcheni panjira ya kuchitsime, iwalani. Limenelo ndi bodza lachiwiri pamwamba pa loyamba, ndipo mwina wina wosalakwa adzatchedwa wakuba m'mudzi. Komanso taganizani. Ndi wakuba uti amene amasiya pampu, belu ndi matayala atatu abwinobwino, nkumasula tcheni mwaulemu, kenako nkufunditsa njinga kuti isachite dzimbiri? A Anthony akhala ndi njinga moyo wawo wonse, ndipo akhala ndi inu zaka zonsezi. Ine ndikuganiza kuti anadziwa m'mawa womwewo. Mawu aja oti wotengayo ali ndi vuto loposa lawo ankauza inu. Sakufuna kukuchititsani manyazi, akudikira kuti mubwere nokha.

Choncho lero lomwe, musanaphike, tsitsani tchenicho m'denga, chitsukeni ndi parafini, mukachiike m'manja mwawo. Nenani mawu ochepa: ndinatenga ndine, ndinachita mantha, ndikhululukireni. Musaunjike mlandu wonse pa alamu. Akakwiya, alekeni akwiye, ali ndi chifukwa.

Koma musawalole kunyamuka ulendo wa ku Sinda mawa lake. Miyendo imene yakhala nthawi yonseyi iyenera kuyambiranso pang'onopang'ono. Sabata yoyamba azizungulira pabwalo, yachiwiri afike pasukulu ndi kubwerera, m'mawa kusanatenthe, pa nthawi imene mapilisi agwira bwino. Inu muziyenda pambali. Mukamawaona ndi maso anu mantha adzachepa kusiyana ndi kukhala pakhomo kumangoganiza za malole.

Pa ulendo wotsatira wokatenga mapilisi, uzani adokotala zonse, kugwa kuja ndi kufooka kwa masabata awa. Afunseni molunjika ngati a Anthony angapitirize kupalasa, mtunda wotani, ndipo zimene anene akulembereni papepala. Tsiku lomwelo njinga ikwere nawo mpaka kwa a Waziri. Afotokozereni mmene inagwera. Malamba amene anagwira mapazi a munthu ali m'matope ayenera kusinthidwa kuti phazi lizituluka mosavuta, ndipo afunseni ngati mpando ungatsike pang'ono kuti njinga isamapendekeke msanga. Iwo adziwa chochita kuposa ine.

Khwawa lija nalonso likonzedwe. Midzi imene yakhala ikulandira makalata ulere zaka zitatu ili ndi makasu ndi ngolo. Pemphani aphunzitsi aakulu alengeze, anthu athire miyala ndi dothi mvula isanabwere. Ndipo mugwirizane ndi amuna anu malamulo awiri kapena atatu amene iwonso avomereza: kukagwa mvula yambiri palibe ulendo, pamsewu waukulu aziyenda m'mbali kutali ndi phula, ndipo dzuwa likapendeka asanafike, munthu wamkulu aziwalondola.

Kunena za a Filomena, musadikire kuti adzakupezeni ngati wolakwa. Tumizani mawu kudzera kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri kuti pali nkhani yoti mukambirane, osati kuseri kwa nyumba koma pabwalo, a Anthony ali pomwepo. Mwambo umapatsa abale mphamvu yotenga wodwala amene sakusamalidwa, kapena amene wapempha yekha kupita kwawo. Amuna anu mutu wawo ndi wabwinobwino, amawerengera anthu makalata, ndiye afunsidwe kumene akufuna kukhala, ankhoswe akumva. Mawu awo ndi otsika, choncho onse adzakhale chete mpaka amalize. Muwaonetse alamu pepala la adokotala. Muwauzenso zimene munachita ndi tcheni, ndi zimene zinatsatira, chifukwa umboni woposa umenewo mulibe. Kenako aone okha mlongo wawo akuyenda wapansi, ndi kumuonanso ali panjinga. Mayi amene analera mwana wamasiye akuopa chimodzimodzi inu. Akadzamva pamaso pa ankhoswe kuti ulendo uliwonse ndi kufuna kwa mwini wake, ndiye kuti zikadzavuta simudzasenza nokha.

Chenjezo langa ndi ili. Sindingakulonjezeni kuti a Anthony sadzagwanso, ndipo matendawa sabwerera m'mbuyo. Lidzafika tsiku limene ngakhale matayala atatu adzakhala osakwanira. Muziyang'ana zizindikiro: akayamba kuchita chizungulire, kusokoneza njira imene amaidziwa, kapena dzanja lamanzere likayamba kulephera kugwira buleki, muwauze iwo pamaso, muuzenso adokotala sabata yomweyo. Tsiku losiya njinga lidzawawa, ndipo munthu amene wapirira zonsezi ayenera kudzalitchula yekha ndi pakamwa pake. Mpaka lifike, ulendo ukakwana atsanzikeni bwino, ngakhale mtima uli m'mwamba.

Aphungu.